Udzu wa January

Ku Lirangwe, anthu amene anamudziwa January Mailosi amamukumbukira ndi chinthu chimodzi, chakuti ankadzala udzu. Anthu onse ankalimbana nawo udzu, ena ndi khasu ena ndi moto, koma iye ankaunyamula m'chiguduli chonyowa, kuukumbira maenje, nkumauthirira madzi ngati mbewu ya kudimba. Ine ndinkaphunzitsa mwana wake Nellie pasukulu ya kumeneko. Zina mwa zimene ndilembe pano ndinaziona ndi maso, zina anandiuza mwini wake patapita zaka.

Makolo a January anali Alomwe. Anachokera ku dziko la Apwitikizi iye asanabadwe, nadzapempha malo pa esiteti ina ya mzungu kufupi ndi Chileka, kumene malo okhala ankalipiridwa ndi thangata. January anabadwira pomwepo. Sanapite kusukulu. Atangodziwa kuthamanga anamupatsa nkhosa za mzunguyo kuti aziweta, ndipo anakula nazo mpaka kumera ndevu. Anakwatira ku Lirangwe mtsikana wina dzina lake Christobel. Monga mwa mwambo wa chikamwini, mkaziyo anakhalabe kwao pakati pa abale ake, ndipo January ankayenda wapansi Loweruka lililonse kukaona banja, nkubwerera Lamulungu madzulo.

Chaka chimene Chitaganya chinayamba, pamene azungu anaphatikiza dziko lathu ndi maiko ena awiri, mwini esiteti uja anaitanitsa mbewu za maudzu odyetsa ziweto. Anazidzala m'mizere italiitali, mtundu uliwonse pawokha. Panali rozi, amene ngayaye zake zimatambasuka ngati zala. Panali tsangadzi, woyanga pansi nkumamera mizu pa mfundo iliyonse. Panali nsenjere zimene tonse timazidziwa, ndiponso kambewu kena kosakhala udzu kwenikweni, ka masamba atatuatatu ngati nyemba, kotchedwa lusini. Mzunguyo ankafuna kudziwa udzu umene nkhosa zimaukonda koposa. Ankazitsekera m'khola tsiku lathunthu osazipatsa kanthu, m'mawa mwake nkuzitsegulira kumizere kuja, iye ataima ndi wotchi ndi kabuku. Nkhosa zinkangogwera mzere umene zayamba kukumana nawo. Akazilowetsera chakumpoto zinkadya wakumpoto, akazilowetsera chakummwera zinkadya wakummwera, ndipo kabuku kaja kankasintha mawu mlungu ndi mlungu.

Tsiku lina anazilowetsera mbali ya lusini mame asanaume. Dzuwa lisanafike pamutu, ziwiri zinali zitatupa mimba ngati ng'oma nkufa. Yachitatu mzunguyo anaiboola ndi mpeni kumanzere kwa mimba, mpweya ndi thovu zinatuluka, ndipo inachira. January anaonetsetsa pamene mpeni unalowa.

Madzulo ake anapempha kapitawo, Petro, kuti akamuuze bwana kuti nkhosa yanjala siyankha zoona. Ukafuna kudziwa chimene imakonda, yamba waikhutitsa, kenaka uifunse. Petro anakanena ndithu, koma anakakhotetsa, nati mbusa akunena kuti bwana sadziwa nkhosa ndiye wapha ziwiri. January anakwapulidwa zikoti zisanu ndi chimodzi anzake akuona, nauzidwa kuti achoke pa esiteti. Pochoka anazula timitsitsi ta tsangadzi, anadula mfundo za nsenjere, napululira njere za rozi ndi za lusini m'kansalu. Anafika nazo ku Lirangwe msana udakali ndi zilonda.

Mwini mbumba kwao kwa Christobel anali mlongo wake wamkulu, Lekani, munthu wamtali, wodziwa kuyankhula pagulu ndiponso wokonda kuti anthu aziseka iye akanena kanthu. Anamupatsa mlamu wakeyo kachigawo ka m'mphepete mwa dimba, pamene dzinja madzi ankadikha chimanga nkumachita chikasu, koma chilimwe nthaka inkakhalabe yonyowa.

“Dzalanipo chimene mungathe, alamu, ngakhale miyala,” anatero Lekani.

Atabwera kudzaona patatha mwezi, anaima manja ali m'chiuno.

“Ndinati miyala, koma sindinkadziwa kuti mufika pa udzu. Chaka chamawa tidzamva kuti mukuweta nsabwe.”

Mkamwini sayankha mwini mbumba, ndiponso January sanali munthu wa mawu ambiri. Anazinga kamundako ndi mpanda wa nkhadze, ndipo mpandawo ndiwo unamudanitsa ndi anthu poyamba. Kwathu kuno chimanga chikakololedwa ziweto zimatayiriridwa, munda uliwonse umakhala wa mbuzi ya aliyense. Tsopano mkamwini, munthu wobwera, anali atatsekera msipu wobiriwira pakati pa chilimwe mbuzi za eni mudzi zikunyambita fumbi. Masiku amenewo alangizi a boma ankakakamiza anthu za malimidwe, ena ankalipitsidwa chindapusa chifukwa cha mizere, motero chilichonse chochokera kwa azungu chinkanunkha. Poona kuti January wasakaniza maudzu osiyanasiyana m'munda umodzi, anthu anautcha munda wa Chitaganya.

Anayamba ndi nkhosa ziwiri zazikazi, za mchira wamafuta, zimene anapeza atagwira ganyu youmba njerwa. Kachitidwe kake kanali kamodzimodzi tsiku lililonse. M'mawa ankazipatsa mapesi ouma ndi madeya pang'ono mpaka zikhute. Ankadikira kuti mame aume. Kenaka ankatsegula kachipata, nkukhala pamwala umene unali pakona pa munda, nkumayang'ana. Sankayang'ana kuchuluka kwa udzu umene zadya. Ankayang'ana pamene mlomo wayamba kugwira, ndi pamene nkhosa yanunkhiza nkudutsa.

Mwa njira imeneyi anadziwa zinthu zimene kabuku ka mzungu sikanazidziwe. Lusini ndiye zinkamuthamangira, koma lusini payekha ndi woopsa, choncho anamudzala motalikirana pakati pa maudzu kuti mlomo ukagwira tsamba lake uzigwiranso udzu. Rozi zinkamukonda asanatulutse ngayaye, akatulutsa zinkamuponda. Nsenjere zinkadya zikakhala zofika m'mawondo, zikapitirira apo zinkangobisalamo dzuwa. Tsangadzi ankatsala kumapeto nthawi zonse, ngati ndiwo za dzana, koma mu Okutobala ena onse atauma iye yekha ndiye ankakhala wobiriwira. January anazula ndi kudzalanso mundawo katatu mpaka kusakaniza kwake kunamukhutiritsa. Woweruza wamkulu inali nkhosa ina yaikazi, yoyera kumaso, imene anaitcha Dona chifukwa cha kunyada kwake pa chakudya.

“Dona akakana, ndiye kuti ndalakwitsa ndine,” ankatero.

Kamodzi ndinapita kumundako ndi ana a Sitandade 3. Ana ena ankaseka chamumtima chifukwa cha zimene ankamva kunyumba, koma Nellie anaima patsogolo. Anali wa zaka khumi, wochepa thupi, wa maso akuthwa, mwana amene ukafunsa funso dzanja lake limakhala m'mwamba usanamalize. Bambo ake anamuuza kuti atsinzine, namuika tsamba m'dzanja. Analisisita ndi chala nati rozi. Lachiwiri anati tsangadzi. Lachitatu analinunkhiza nati, “Ababa, uyu ndi rozi yemweyo, koma wakalamba, Dona sangadye.” January anaseka, ndipo kanali koyamba kuti ndione mano ake.

Pofika chaka chachisanu anali ndi nkhosa zisanu ndi ziwiri, zonona ngakhale chilimwe. Amene anaziona msanga ndi Che Selemani, Msilamu wogulitsa nyama ndi ziweto pamsika wa Lirangwe. Chaka chilichonse Idi ikayandikira, chikondwerero chimene banja la Chisilamu limazinga nkhosa kapena mbuzi, ankafika panjinga kudzagula yamphongo imodzi. Ankagwira mchira, kuukweza m'dzanja, nkupukusa mutu.

“Che January, nenani zoona. Mumazipatsa tiyi wamkaka izi?”

“Zimasankha zokha, Che Selemani. Ine ndimangozifunsa.”

“Mundifunsireko akazi anga. Zaka makumi awiri sindidziwa chimene amakonda.”

Christobel anamwalira mu Febuluwale 1958, atadwala malungo masiku asanu okha. Mwambo wake ndi wodziwika. Mkazi akamwalira, mkamwini amadikira kukolola, kenaka abale a mkazi amamusudzula, iye nkubwerera kwao. Munda umatsala, ana amatsala, chifukwa ndi a mbumba. Koma January analibe kwao. Pa esiteti anamuthamangitsa, makolo ake anali atamwalira. Ndipo ngakhale akanakhala ndi kwao, Nellie sakanapita naye. Anapita kwa Lekani, nakhala pansi, napempha kuti amulole kukhala m'kanyumba kake mpaka mwanayo atamaliza sukulu.

“Alamu, tambala akalira walira, anapiye ndi a thadzi,” anatero Lekani. “Mwana tilera ife. Mukhalirenji?”

“Udzu uja umafuna munthu woudziwa. Nkhosa ziziswana, mbumba izidya.”

Mawu amenewa anagwira mtima amayi ena a m'mbumbamo, makamaka Grace, mng'ono wake wa malemu, amene ankaona kuti nkhosa za January ndizo zinkagulira Nellie yunifomu ndi mabuku. Iwo anati mlamuyo akhale. Lekani anaona kuti mawu ake akupepuka pamaso pa alongo ake, ndipo anaganiza zoonetsa aliyense kuti udzu ndi udzu, sufuna mwini.

Chaka chimenecho Idi inali kumapeto kwa Juni. Che Selemani anali atagula nkhosa makumi awiri ndi zinayi kutsidya kwa Shire, ndipo zinali m'njira, kuyenda wapansi kudzera ku Matope. Lekani anakamuuza kuti zikafika zidzapumire m'munda wa udzu mlungu umodzi kuti zibweze thupi. Che Selemani anavomera, poganiza kuti January akudziwa. January sankadziwa kanthu.

Zinafika m'mawa wa Lachiwiri. Kunali kutachita chiperoni masiku awiri, ndipo udzu unali wonyowa ngati wochapidwa. January anali atatchetcha mundawo milungu itatu yapitayo, tsono lusini anali ataphukira wanthete, wobiriwira bii. Nkhosa zinali zitayenda masiku atatu zikungotola zinyalala za m'mbali mwa msewu. Nthiti zinkawerengeka. Zitangomva fungo la msipu zinayamba kulira ndi kukankhana. January anazimva ali kukhola kwake, nathamanga, napeza Lekani akumasula kachipata, anthu ambiri atabwera kudzaonerera.

“Alamu, dikirani,” anatero January. “Tizipatse mapesi kaye. Mame aume. Masana zilowe pang'ono, mawa zilowenso.”

“Mwamva?” anatero Lekani. “Nkhosa zanjala tizipatse mapesi, msipu uli apa. Mlendo wafika ndi njala, inu mukuti ayambe watafuna mphasa.”

Anthu anaseka.

“Izi zili ndi njala yoipa. Sizisankha. Zigwera lusini yekha.”

“Kodi suja munkati zimamukonda lusini wanuyo? Lero mukuzimana?”

January anaima pachipata, natambasula manja. Ndikukhulupirira kuti moyo wake wonse sanayankhulepo mokweza ngati tsiku limenelo.

“Mukazilowetsa tsopano, dzuwa lisanafike pamutu zifa.”

Kuseka kunatha. Lekani anatembenukira kwa anthu pang'onopang'ono.

“Mwamva nonse, eti? Musadzaiwale. Ati zifa, ndipo atchula ndi nthawi yomwe.”

Amuna awiri anamugwira January m'mikono nkumukokera pambali. Nkhosa zinalowa ngati madzi osefukira. Sizinanunkhize, sizinadutse kanthu. Zinathyola lusini ndi mame ake, mitu ili pansi, osapuma. Lekani anakhala pamwala uja wa pakona, mwendo pamwamba pa unzake.

“Bwerani mudzazifunse, alamu. Zikuti udzu wabwino ndi uti?”

January anadzipulumutsa m'manja mwa amuna aja, koma sanalowe m'munda. Anapita kunyumba kwake kukanola mpeni. Anthu anamuona akunola, ndipo zimenezinso anazisunga.

Patatha maola awiri nkhosa yoyamba inasiya kudya. Inaima miyendo itatang'adza, khosi litatambasuka, ikupuma ndi pakamwa. Mbali ya kumanzere inali itatupa kuposa msana. Ina inagwa, kenaka ina. Lekani anatsika pamwala nayamba kuzimenya ndi ndodo kuti zidzuke. January analowa ndi mpeni wake, nagwada pa imene inali pafupi, napapasa kuseri kwa nthiti yomaliza, naboola. Thovu lobiriwira linatuluka ndi fungo loipa. Amayi anakuwa kuti akuzibaya. Iye sanatembenuke, anagwira bala lija ndi zala kuti lisatsekeke, kenaka anapita pa ina.

Wina anali atathamangira kumsika, ndipo Che Selemani anafika panjinga thukuta lili kamukamu. Anaona zisanu zitafa kale. Kwa Msilamu nyama yofa yokha ndi haramu, siidyedwa ndipo siigulitsidwa. Anasolola mpeni wake, nayamba kuzinga iliyonse imene inkapumabe, akutchula dzina la Mulungu pa iliyonse. Tsono m'munda umodzi munali amuna awiri ndi mipeni iwiri, wina akuthamangira kupulumutsa moyo, wina akuthamangira kupulumutsa nyama. Anakumana pa nkhosa imodzi yamphongo, yakuda.

“Isiyeni iyi, Che Selemani. Ichira iyi.”

“Ikapanda kuchira?”

“Ndipatseni kanthawi kochepa.”

“Kanthawi ndilibe, Che January.”

Anaizinga. Dzuwa litafika pamutu, zisanu ndi zinayi zinali zitafa zokha, khumi ndi imodzi zitazingidwa. January anaboola zinayi, ndipo zitatu zinadzuka. Che Selemani anaziyang'ana zitatuzo nati nkhosa ya bala palibe angaigule ya Idi. Nyama ya zozingidwa sikanatha kudikira mpaka tsiku la chikondwerero, motero inapita motchipa tsiku lomwelo. Zofa zokha zija anthu a m'mudzi anagawana, ndipo madzulo ake mudzi wonse unanunkhira nyama. Onse amene mawa lake anati udzuwo ndi wotsirika anali atadya.

Mlandu unakambidwa pansi pa mtengo wa mango, pabwalo la mbumba. Ine ndinapita chifukwa Nellie sanabwere kusukulu. Lekani anayankhula modekha, akuwerenga pa zala. Munthuyu anati zifa, ndipo zinafa. Anatchula nthawi, ndipo nthawi inakwana. Ananola mpeni nkhosa zisanadwale. Nkhosa zake zadya udzu womwewo zaka zisanu, palibe imene inatupapo. Nanga udzu umadziwa bwanji nkhosa ya mwini ndi ya mlendo, ngati suli wotsirika?

January anafotokoza za njala, za mame, za ziwiri zimene zinafa pa esiteti. Anafotokoza mosalongosoka, chifukwa sanali wozolowera bwalo. Ndinayesa kumuthandiza, ndinati matenda amenewa alembedwa m'kabuku ka zaulimi kamene tili nako kusukulu. Wina kumbuyo anati, “Kabuku ka boma, aphunzitsi? Ka anthu a mizere aja?” Ndinakhala pansi. January anapempha kuti nkhosa zitatu zotsala zipatsidwe mapesi, zilowe masana, anthu aone ngati zife. Lekani anati munthu amene anamanga mankhwala angathenso kumasula, tsono kuyesako sikungasonyeze kanthu.

Kenaka anaitana Nellie.

“Bwera kuno, mwana wa mlongo wanga. Usaope. Aphunzitsi ako ali apa, akuti ndiwe wanzeru. Bambo ako amayankhula ndi nkhosa?”

Nellie anaima chilili, manja m'mbali, monga ndinkawaphunzitsira m'kalasi kuti poyankha aziima bwino ndi kumaliza chiganizo chonse.

“Inde, atsibweni. Amayankhula nazo m'mawa uliwonse, ndipo amazifunsa za udzu.”

“Nanga m'mundamo amathiramo chiyani?”

“Amathiramo manyowa ndi phulusa. Phulusa amawaza pamene pali lusini.”

“Amawaza phulusa. Chabwino. Anakuuzapo kuti udzu umenewu ungaphe?”

Mwanayo anayang'ana bambo ake. Ankafuna kuonetsa kuti bambo ake anali atadziwa kale, kuti olakwa ndi amene sanamvere. Anakweza mawu kuti onse amve.

“Anandiuza kalekale. Anati udzu uwu sungaphe nkhosa zathu, koma nkhosa yachilendo ikalowa m'mawa ifa.”

Anawonjezera kuti ikalowa ndi njala, koma mawu amenewo anamira m'phokoso. Grace, amene ankamuikira kumbuyo mlamu wake, anafunda nsalu kumutu. Lekani anamusisita mwanayo paphewa nati wayankha bwino, akhale pansi. Nellie anakhala pansi akumwetulira pang'ono, akudikira kuti wina awapepese bambo ake.

Chigamulo chinali chachifupi. Nkhosa zisanu ndi ziwiri za January zipite kwa Che Selemani. January asudzulidwe tsiku lomwelo, ndipo asadzapondenso m'mudzimo. Che Selemani anabwera ndi chingwe. Akumanga Dona, anayankhula motsitsa, osamuyang'ana mnzakeyo kumaso.

“Ine ndikudziwa chimene chinapha nkhosa zanga, Che January. Ndaonapo mbuzi zikutupa ndi chinangwa.”

“Bwanji simunanene?”

“Anthu awa ndi amene amagula nyama kwa ine.”

“Muziyamba mwaipatsa mapesi iyo. Siidya rozi wokalamba.”

Che Selemani anakoka chingwe. Idi inali itatsala masiku ochepa, ndipo onse awiri ankadziwa kuti Dona sadzafunanso mapesi.

January anachoka ndi bulangete, khasu ndi mpeni. Abale anamutsekera Nellie m'nyumba ya Grace kuti asatsanzikane ndi mfiti. Mlungu womwewo anthu anagwetsa mpanda wa nkhadze, mbuzi za mudzi wonse zinadya mundawo mpaka kufumbi, ndipo zotsala anazitentha. Palibe mbuzi imene inafa, chifukwa zinalowa masana zitakhuta kale mapesi a m'minda. Anthu anati mankhwala anachoka ndi mwini wake.

Lekani analima pamalopo, napanga mizere yokwera, nadzala chimanga. Rozi anatha, lusini anatha, nsenjere anazikumba ndi mizu yomwe. Koma tsangadzi saatha. Khasu likamudula, chidutswa chilichonse chimamera pachokha. Mvula yoyamba itagwa anatuluka m'mizere yonse, nayanga, nakulunga chimanga. Lekani anati popeza ndi udzu wa bambo ake, apalire ndi Nellie. Mwanayo anayamba kujomba kusukulu Lolemba ndi Lachisanu, kenaka milungu yathunthu. Ndinapita kawiri kukapempha. Ulendo wachiwiri Lekani anandiuza kuti mwanayo adzabwera kusukulu udzu ukadzatha. Sanafike Sitandade 5.

Ndinakumana ndi January mu 1961, nditapita ku Chileka kukaona m'bale wanga. Anali m'gulu la amuna otchetcha udzu m'mphepete mwa bwalo la ndege. Anali ataonda, tsitsi litachita imvi, koma anandizindikira ndili patali, nabwera kuwaya chikwakwa chili m'manja. Atandilonjera anafunsa ngati Nellie watalika. Ndinati watalika. Anafunsa za sukulu, ndipo ndinamuuza zoona. Anayang'ana udzu umene anali atangotchetcha.

“Udzu wa pano ndi wabwino, aphunzitsi,” anatero. “Wasakanikirana wokha, kapinga ndi rozi. Ungadyetse nkhosa mazana awiri. Timaunjika, ukauma timatentha. Pano chiweto sichiloledwa.”

Pomwepo ndi pamene anandiuza za esiteti, za Petro ndi za zikoti. Kapitawo wawo ataitana, anatola chikwakwa chake, koma anabwereranso kuwaya.

“Mukamuuze Nellie kuti anayankha bwino tsiku lija. Zonse zimene ananena ndi zimene ndinamuphunzitsa. Sanaphonye ngakhale chimodzi.”

Ndinakamupeza Nellie kumunda kuja. Anali wa zaka khumi ndi zitatu, manja atalimba ngati a mayi wamkulu, ndipo pofika nthawi imeneyo anali atazindikira kale chimene yankho lake linachita. Ndinamuuza mawu a bambo ake monga momwe ananenera. Anamvetsera khasu lili m'manja, maso ali pansi. Kenaka anawerama, nazula mtsitsi wautali wa tsangadzi, naukutumula dothi, nauponya panjira kuti uume, monga atsibweni ake anamulamulira.

“Ali ndi nkhosa kumeneko?” anafunsa.

Ndinati alibe.

Anagwedeza mutu, napitiriza kupalira. January anamwalira chaka chimene Chitaganya chinatha, ndipo anaikidwa ku Chileka ndi anzake a chikwakwa. Uthenga unafika ku Lirangwe patatha milungu iwiri. Iye ndi mwana wake sanaonanenso chichokere pansi pa mtengo wa mango paja.